Funso Limodzi pa Sabata

Glasgow, 9 Januwale 1999

Achimwene a Gerevazio,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kungoti dzuwa linatithawa. Limatuluka ndili kale m'kalasi, n'kulowa nkhomaliro isanatsike. Ndinkati ife a ku Kasina kuzizira timakudziwa, koma kwathu kuja n'kusewera.

Abambo ali bwanji? M'kalata yanu ya Khirisimasi munati chimwalirireni amayi sakuyankhulabe, amangoti "eya" kapena "iyayi," n'kukakhala pa mwala wa kuseri kwa khola kuyang'ana phiri. Kalatayo ndinaiwerengera m'basi mpaka ndinapitirira potsikira. Munthu amene anakhala katekisiti zaka zonse zija, amene ankalalika mpaka ana kugona pa miyendo ya amayi awo, lero mawu atha? Zimandiwawa kuti maliro a amayi sindinakhalepo, ndipo za abambozi zikundiwawa kawiri.

Tsopano pempho langa. M'phukusili mupezamo mapepala makumi anayi a mafunso. Kafukufuku wa digiri yangayi ndi wofuna kudziwa zimene anthu amachita pa nthawi yawo yopuma, zowasangalatsa, osati ntchito. Koma a profesa amene akundiyang'anira akufuna ndiyerekezenso njira ziwiri zofunsira. Yoyamba ndi ya kompyuta. Mafunso omwewa ndiwatumiza pa imelo, ndiko kuti kalata yoyenda mu waya wa lamya, kwa Amalawi a m'maofesi ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Yachiwiri ndi ya mapepala, ndipo iyi ndaiika m'manja mwanu. Agawireni anthu kumudziko, aliyense lake, ayankhe, munditumizire. Pomatha Meyi akhale atandipeza. Akachedwa sindimaliza chaka chino, ndipo adzandiwonjezera chaka china cha chisanu ndisanabwere kwathu.

Ndilembereni za mvula, za mapichesi, za aliyense.

Ine mlongo wanu,
Flossie

Kasina, 7 Febuluwale 1999

Mlongo wanga Flossie,

Tonse tili bwino, kupatula chimfine cha ana. Mvula ikugwa yosalekeza ndipo chimanga chamasula. Mapichesi anatha, wachedwa kufunsa.

Phukusi lako linafika, ndipo linandipezetsa mavuto. Nditangotulutsa mapepala pakhomo la tchalitchi, anthu anandiunjirira poganiza kuti ndikulemba maina a sitata paki, timatumba ta feteleza ndi mbewu tija boma likugawa. Nditati ayi, ndi mafunso a Flossie, ena anabwerera m'mbuyo n'kumanong'onezana kuti ndi za chipani, poti chisankho chayandikira. A Vinsenti, a kutsidya kwa dambo aja, anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, mlongo wanuyo wayenda ulendo wonsewo kukaphunzira za kupuma? Osangobwera bwanji adzaone mmene ndimachitira ine?" Ndipo iwe nawenso, kufunsa mlimi za kupuma mu Febuluwale, msana uli wokhota ndi kubandira!

Nditaona kuti ndekha sindiphula kanthu, mapepalawo ndinawapereka kwa mayi Magadalena, wapampando wa mphakati wathu. Ukudziwa kuti chimene chadzera mwa iwo anthu sachikayikira. Chimwalirireni amayi, mphakati umakumana pabwalo pathu Lachinayi lililonse kuti abambo asamasowe mapemphero. Tsono mayi Magadalena mafunso ako anawalandira ndi manja awiri, n'kuwachita monga momwe timachitira ndi Mawu a Mulungu. Tikatha Uthenga Wabwino, wina amawerenga funso limodzi mokweza. Winanso amalibwereza. Kenaka tonse timakhala chete kulisinkhasinkha, nkhuku zokha zikuyendayenda pakati pathu. A wapampando akatsokomola, aliyense amanena zimene zamufikira mumtima, ndipo pamapeto odziwa kulemba amalembera osadziwa. Funso limodzi limatitengera madzulo onse. Tamaliza awiri, ndipo anthu akuchuluka kuposa kale. Ngakhale a mphakati wina ayamba kuzembera kuno.

Abambo amakhala pakhonde atafunda bulangeti lawo lija, m'bwalo salowa. Sanena kanthu, koma tsiku limenelo sathawira ku mwala wawo.

Ntchito yako ikuyenda, usade nkhawa. Kodi kompyutayo ikamayankha imatulutsa mawu?

Mlongo wako,
Gerevazio

Glasgow, 3 Malichi 1999

Achimwene,

Moni nonse kumeneko, anawo achire msanga. Kalata yanu inandiseketsa, kenaka inandisowetsa mtendere.

Kompyuta siyankhula. Chipinda chathu cha makompyuta chili pansi pa nyumba, chopanda zenera, ndipo mumangomveka kulira kwa makina ngati njuchi zili patali. Ndinatumiza mafunso Lolemba, pofika Lachitatu mayankho anali atayamba kugwa limodzilimodzi. Munthu ali ku Blantyre, nkhope yake sindikuidziwa, wayankha mafunso onse makumi awiri tiyi wake asanazizire. Koma mayankho akewo! "Mpira." "Kuonera vidiyo." "Kugona." Wina analemba kuti "Palibe" kuyambira funso loyamba mpaka lomaliza. Ambiri ndi amuna a mataye, akazi ndi owerengeka, wa kumudzi palibe ndi mmodzi yemwe. Ndikamawerenga ndimayesa kuwapatsa nkhope, uyu wadazi, uyu wa mpata m'mano, mpaka ndimapezeka ndili pa msika wa Mayani pakati pa milu ya kachewere, wina akunenerera kabichi, fumbi likununkhira mvula. Amandidzidzimutsa ndi woyang'anira chipinda pondigwedeza phewa kuti akufuna kutseka.

Tsono za mphakati. Achimwene, mwandipha. Nditawafotokozera a profesa anavula magalasi n'kugwira kumutu. Akuti wa pa kompyuta amayankha ali yekha, choncho wa pa pepala nayenso ayenera kuyankha ali yekha, apo ayi palibe choyerekeza. Anthu akayamba akambirana, yankho limasanduka la gulu, ndipo amanyazi amangotsatira a mawu aakulu. Nanga funso limodzi pa sabata? Tawerengerani nokha, masamu mumaphunzitsa ndinu. Mapepala adzandipeza mu Julayi, ine nditalephera kale.

Chonde lekani zimenezo. Asonkhanitseni tsiku limodzi, aliyense akhale payekha osayankhulana ndi mnzake, ayankhe mafunso otsalawo, mutumize. Ndatopa nalo dziko lino. Ndikufuna kubwera kwathu chaka chomwe chino, ndidzaone manda a amayi ndi nkhope ya abambo.

Flossie

Kasina, 6 Malichi 1999

Mlongo wanga,

Yankho la kalata yanga ija silinandipeze, koma sindingathe kudikira. Tili bwino. Khala pansi ngati waimirira.

Abambo ayankhula.

Lachinayi lapitali tinafika pa funso lija loti, "Muli achinyamata munkachita chiyani posangalala?" Linawerengedwa kawiri monga mwa masiku onse. Ine ndinali wokonzeka kumva za chitelera ndi mganda, ndipo a Vinsenti anali atayamba kale kugwedeza mapewa. Koma a wapampando asanatsokomole, mawu anachokera pakhonde: "Ife tinkakwera phiri kukaona chifunga."

Tonse tinatembenuka. Mawu awo anali osasa ngati a munthu wongodzuka kumene. Anati, "Ine ndi Bernadetta, mayi wa anawa, tisanabereke. M'miyezi yozizira, Lamulungu mmamawa misa isanayambe, tinkakwera mpaka pamwamba. Chifunga chimakhala m'munsi mwathu, choyera, chitaphimba midzi yonse. Osaona denga, osaona njira. Timangomva atambala akulira pansi pake. Tsono timapikisana kutchula mwini tambala. Iye amati uyo ndi wa kwa Zikhalo, ine ndimati iyayi, wa kwa Zikhalo ndi wa mawu aakulu. Amandipambana masiku onse. Belu la ku mishoni likalira timatsika chothamanga, mame ali thoo m'miyendo, ine n'kukaima kutsogolo kwa anthu ngati munthu wanzeru."

Flossie, iwe unkadziwa zimenezi? Ine ndakula mpaka imvi zayamba osazimvapo. Mlamu wako anathawira kukhitchini kukalira. Mayi Magadalena anangoti, "Tathokoza, a katekisiti," ngati kuti palibe chachilendo.

Kenaka panabuka mkangano. Pa pepala lako pali timabokosi: masewero, magule, wailesi, kucheza, zina. Kuona chifunga kulowe pati? A Vinsenti anati ndi masewero poti panali wopambana. Amayi ena anati ndi kucheza. Abambo anaseka, ndithu anaseka, n'kuti, "Lembani m'mbalimo, m'bokosi simukwana." Ndipo analembera okha mpaka kuseri kwa pepala.

Dzulo mmawa anandifunsa kuti funso la sabata ya mawa ndi lotani, akuti akufuna kuyamba kuliganizira. Ndinawakaniza kuti ndi chinyengo kuonera mayeso. Anandiuza kuti ndine mwana wopanda ulemu. Sindinasangalalepo chotere potukwanidwa.

Gerevazio

Glasgow, 28 Malichi 1999

Achimwene,

Kalata yanu ya pa 6 yandipeza lero. Makalata athu anasemphana panjira, ndipo mtima wanga uli m'mwamba poganiza za ija ndinakulemberani pa 3. Ing'ambeni. Musachite chilichonse chimene ndinanena m'menemo.

Asiyeni azifunsana funso limodzi pa sabata, ngakhale limodzi pa mwezi. A profesa ndawauza kuti mapepala achedwa, ndipo chaka chowonjezeracho ndachivomera. Chisanu sichipha munthu wovala majuzi awiri. Kubwera kudzapeza abambo ali chete pa mwala, kuli bwino ndichedwe ndidzawapeze akukangana ndi a Vinsenti.

Chiwerengereni kalata yanu sindikuona misewu ya kuno. Ndikayang'ana pazenera ndikuona amayi ali mtsikana, chitenje atachimanga m'khosi, akutsetsereka phiri akuseka, abambo akuwathamangira pambuyo katekisimu ali m'thumba. Ine amayi ndinawadziwa ali ndi khasu kapena mwana kumbuyo. Sindinkadziwa kuti ankathamanga.

Mundilembere zonse zimene abambo anganene, liwu ndi liwu.

Flossie

Kasina, 20 Epulo 1999

Mlongo wanga,

Tili moyo. Kalata yako yoti ndisachite kanthu yafika dzulo. Inapeza zonse zitachitika, ndipo mapepala ali kale panjira.

Ija ya pa 3 Malichi ndinakhala nayo m'thumba masiku angapo osauza munthu. Ndinkaitulutsa, n'kuibwezamo. Kenaka ndinaona kuti nkhaniyi si yanga ndekha, ndipo ndinakawawerengera abambo. Anamvetsera mpaka pamene unati ukufuna kudzaona manda a amayi. Kenaka anati, "Mwana abwere. Chita zimene wanena."

Loweruka la pambuyo pa Pasaka ndinawasonkhanitsa m'kalasi langa la sitandade 3. Ukanaona! Akuluakulu a mudzi m'timadesiki ta ana, mawondo ali kuchibwano, ine ndikuyendayenda pakati manja ali kumbuyo ngati woyang'anira mayeso. Mayi Magadalena anafunsa ngati tingayambe ndi pemphero, ndinalola. Atafunsa ngati wina angawerenge funso mokweza, ndinakana. Osadziwa kulemba tinkawatulutsa mmodzimmodzi kukawafunsa kuseri kwa kalasi, ndipo ankayankha akuyang'ana pansi ngati aba mbuzi. A Vinsenti anaimika dzanja n'kuti, "Aphunzitsi, nanga ndikalemba zokondweretsa aseke ndani?" Palibe anaseka.

Abambo ndiwo anayamba kumaliza. Anachonga timabokosi tonse mwaukhondo, osadumpha ndi kamodzi komwe, n'kundipatsa pepala ndi manja awiri. Anatenga chipewa chawo n'kutuluka.

Lachinayi lotsatira mphakati unakumana. Titatha Uthenga Wabwino anthu anakhalabe pamphasa, kuyang'anana, ngati alendo amene sakudziwa ngati kukubwera chakudya. Kenaka anayamba kutsazika. A mphakati wina aja sanabwerenso. Abambo sanatulukire pakhonde, anali ku mwala wawo, ndipo "eya" ndi "iyayi" zabwerera.

Ndinayesa kupeka mafunso anga, koma mayi Magadalena anati anthu ankabwera chifukwa wofunsa anali mwana wawo amene ali kutali, tsono ine amandiona tsiku ndi tsiku. Sindikukuimba mlandu, ndipo iwenso usandiimbe. Maliza sukulu yakoyo.

Gerevazio

Glasgow, 14 Juni 1999

Abambo anga okondedwa,

Ndikupereka moni ndi ulemu wonse. Ndine Flossie. Chichokereni kwathu ndakhala ndikudzera mwa achimwene, koma lero ndalimba mtima kulembera inu.

Mapepala anafika nthawi yabwino. Ntchito ndapereka, a profesa aivomera, ndipo ndibwera mu Ogasiti. Achimwene anandiuza kuti ndinu amene munalamula kuti zitero. Ndikuthokoza, koma kuthokoza kwake n'kowawa.

Mwina mungafune kudziwa zimene ndapeza. Kompyuta ndi yachangu, koma imafikira okhawo okhala pafupi ndi waya. Pepala limachedwa, limafika lili ndi madontho a mvula ndi fungo la utsi, koma limalowa m'mudzi. Zimenezi a profesa ankaziyembekeza. Chimene chinawadabwitsa ndi china. Mayankho amene munalemba m'kalasi muja ndi aafupi ndiponso ouma chimodzimodzi ndi a pa kompyuta, mwakuti nditawasakaniza sindikanatha kuwasiyanitsa. Koma a mafunso oyamba aja, a pabwalo, anasefukira m'mbali mpaka kuseri. A profesa anati amenewo sangalowe m'masamu anga. Komabe anandipempha kuti ndiwamasulire lanu lija la chifunga.

Ndatsala ndi funso limodzi. Si la sukulu, lilibe timabokosi, ndipo palibe tsiku loti lifike. Ndikulipereka kwa inu ndi kwa mphakati wonse, ngati mayi Magadalena angalole: kodi amayi ankakonda kuchita chiyani akakhala ndi kanthawi kawokawo, ife tili kusukulu? Ndafunsa anthu osawadziwa a m'mizinda iwiri zimene zimawasangalatsa, koma mayi wondibereka sindinamufunsepo.

Mukapanda kuyankha ndidzamvetsa.

Mwana wanu,
Flossie

Kasina, 18 Julayi 1999

Mwana wanga Flossie,

Mtendere wa Ambuye ukhale nawe. Ndine bambo wako, Rafaelo. Ndalemba ndekha, ukhululuke zilembo zokhota, dzanja linaiwala cholembera ndipo kuno kukuzizira.

Kalata yako ndinalandira. Ndinaisunga m'thumba la jekete mpaka Lachinayi, ndipo ndinaipereka ndekha kwa mayi Magadalena. Funso lako linawerengedwa kawiri. Tinakhala chete nthawi yaitali kuposa masiku onse, moti mlongo wako anayamba kuyang'ana wotchi, khalidwe lake lija la kusukulu.

A wapampando atatsokomola, manja anakwera paliponse. Aliyense pabwalo paja ali nako kake ka mayi wako. Ena zimene anayamba kunena ngakhale ine sindimazidziwa. Gerevazio anatulutsa pepala kuti akulembere, koma ine ndinaimirira n'kuwaletsa onse. Ndinati funso ili silipita pa pepala, ndipo silipitanso pa makina ako aja. Mwini wake akubwera mu Ogasiti. Adzakhale pamphasa pakati pathu, aliwerenge yekha ndi pakamwa pake, amve ndi makutu ake. A Vinsenti anadandaula kuti yankho lawo liwaphulikira m'mimba, koma mphakati unagwirizana nane.

Tsono sabata iliyonse tikatha Mawu a Mulungu timaliwerenga kawiri, timakhala chete, n'kulibweza m'thumba langa. Anthu ayambanso kuchuluka. Akubwera kudzangokhala chete pamodzi, ndipo pobalalika amandifunsa kuti kwatsala masabata angati.

Usadandaule za tsiku la m'kalasi lija. Ndinasankha ndine, ndipo ndikanasankhanso chimodzimodzi.

Ukafika kuno usadzafulumire kupita kukafuna ntchito m'tauni. Anthu ofuna kuyankha ndi ambiri, ndipo sitidzawathamangitsa. Ine ndapempha kuti ndidzakhale womaliza, chifukwa ndinakhala naye zaka zambiri kuposa onse. Ndili ndi zambiri zoti ndikuuze, mwana wanga, ndipo madzulo amodzi sadzandikwanira.

Bambo wako,
Rafaelo